Kudzala ndi kusamalira kapinga pakhomo mu Lilongwe

Nyumba zambiri zatsopano ku Area 49, ku Area 25 ndi ku Area 36 zimatha bwinobwino, mpanda n'kumangidwa, geti n'kuikidwa, koma pabwalo n'kutsala dothi lofiira lokhalokha. Mu Okutobala fumbi limalowa mpaka m'kabati ya mbale, ikafika Januwale ana amalowetsa matope pabalaza. Njira yotsika mtengo yothetsera zonsezi ndi kapinga. Ndi udzu wathu womwe uno, womera wokha m'mbali mwa misewu ndi m'mabwalo a mpira, ndipo safuna zambiri. Chimene amafuna n'chakuti ntchito iliyonse igwiridwe pa nyengo yake. Amene amadzala mu Juni n'kumalimbana ndi payipi tsiku ndi tsiku amangotaya madzi ndi ndalama.

Mudziweni kaye kapingayo

Pa mapaketi a mbewu mudzamupeza atalembedwa kuti Cynodon dactylon kapena Bermuda. Amafalikira m'njira ziwiri. Ali ndi nthambi zoyanga pamwamba pa dothi, zomwe zimatulutsa mizu pa mfundo iliyonse yakhudza pansi. Alinso ndi nthambi zina zoyera zoyenda pansi pa nthaka, ndipo m'menemo ndi momwe amasungira chakudya. N'chifukwa chake moto ukadutsa, mbuzi zikamudya mpaka kudothi, kapena anyamata akamupondaponda chilimwe chonse, mvula ikangogwa amaphukanso. Alimi a chimanga amadana naye pa chifukwa chomwechi.

Amakonda kutentha. Amakula mwamphamvu kukamatentha kupitirira madigiri 24, ndipo usiku ukamazizira kufika cha m'ma 10, monga zimakhalira kuno mu Juni ndi Julayi, amasiya kukula n'kuyamba kutuwa. Pamenepo sanafe ayi, wangogona. Chimene chimamupha kwenikweni ndi mthunzi.

Choyamba: onani dzuwa

Musanagwire khasu, sankhani tsiku lomwe muli pakhomo, muzungulire bwalo cha m'ma 9 koloko m'mawa, masana, ndi cha m'ma 3 koloko. Malo amene sapeza dzuwa kwa maola osachepera 6 kapinga sangachitepo bwino. Amatalika monyozoloka, kenako n'kuyamba kuthothoka.

Kumbukiraninso kuti nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Mbali ya kum'mwera ya nyumba, komanso m'mphepete mwa mpanda wa kumpoto, mumakhala mthunzi wautali mu Juni, ngakhale mu Disembala mumaoneka ngati muli dzuwa lokwanira.

Pansi pa mango, mapeyala kapena kesha, dzalani mtundu wina. Udzu wa LM, womwe dzina lake linachokera ku Lourenço Marques (Maputo wa lero), umapirira mthunzi, koma sufuna kupondedwa kwambiri. Wa buffalo, wa masamba otambalala aja, nawonso umatha mthunzi wapakatikati. Kikuyu, wochokera kumapiri a ku Kenya, amabiriwira mochititsa kaso ndipo amasunga mtundu wake nthawi yaitali kukamazizira, koma amamwa madzi ambiri, amadya feteleza wambiri, ndipo m'dzinja mudzatopa nako kutchetcha. Pansi pa bulugamu musavutike n'komwe. Ikanipo miyala kapena njerwa basi.

Chachiwiri: yezani malo

Mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi ndi masikweya mita 100. Miyezo yonse ya m'munsimu ndaiwerengera pa malo otere, ndiye muziwonjezera kapena kuchepetsa molingana ndi bwalo lanu. Langizo langa n'lakuti muyambe ndi malo ochepa, kutsogolo kwa khonde kapena pomwe ana amasewera. Kapinga wabwino wa pamalo aang'ono amadzakupatsani mbewu yaulere yokuzira malowo chaka chamawa.

Chachitatu: konzani nthaka

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amathamangira. Ntchitoyi ndi ya mu Okutobala ndi Novembala.

Pabwalo la nyumba yatsopano sipakhala nthaka ya m'munda. Amisiri amasiyapo zidutswa za njerwa, simenti youma pomwe ankakandira, misomali, mapepala a matumba a simenti ndi timatabwa. Kuwonjezera apo, katondo wofiira wochokera m'maziko ndi m'dzenje la septic tank amangomumwaza pamwamba, n'kukwirira dothi lakuda lachonde lija. Mukadzala pamenepo, kapinga amagwira ndithu, koma chaka chilichonse mu Seputembala mudzaona zigamba zouma pamalo omweomwewo. Mukakumba mudzapezapo chigulumwa cha simenti.

Tipulani mozama masentimita 20 mpaka 25. Katondo wa mu Okutobala ndi wouma gwa, khasu limangodumpha, choncho thiriranipo madzulo n'kudzalima m'mawa, kapena dikirani chizimalupsa afewetse. Tolani chilichonse chomwe si dothi. Zitsa ndi mizu ya mitengo yodulidwa muzichotse zonse, chifukwa zikatsala pansi ndiye kuti mwaitana chiswe nokha. Phwanyani zibuma.

Kenako thirani manyowa owola bwino, wilibala imodzi pa masikweya mita atatu kapena anayi alionse, n'kusakaniza ndi dothi. Manyowa owola sanunkha, ndi akuda, ndipo amayoyoka m'manja. A nkhuku osawola amawotcha mizu. A ng'ombe ochokera m'khola mwachindunji amabwera ndi njere za bonongwe ndi udzu wa kudambo, koma musawakane chifukwa cha zimenezo, pali njira yake imene nditchule posachedwapa.

Ngati poloti yanu ili chakumunsi, kufupi ndi dambo kapena mtsinje monga Lingadzi, mwina muli ndi makande, dothi lakuda lomata m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Kapinga amameramo, koma sakondwa madzi akamadikha masiku angapo. Kwezani malowo pang'ono ndipo kumbani ngalande yotulutsa madzi. Ena amathiramo mchenga mawilibala awiri poganiza kuti afewetsa. Mchenga wochepa chotero susintha kanthu m'makande, bola ndalamayo mugulire manyowa.

Salazani ndi reki, ndipo malo atsetsereke kuchoka kunyumba, masentimita awiri pa mita iliyonse. Dothi lisafike pamlingo wa khonde. Ndikofunikanso kuona komwe madzi a padenga amagwera. Nyumba yopanda magata imakumba kangalande m'mphepete monse, ndiye mzere umenewo ikanimo miyala, osati udzu.

Mukasalaza, musadzale msanga. Lolani mvula yoyamba igwe, mudikire milungu iwiri. Chisoso, bonongwe ndi khovani zimera zokha. Zipaleni ndi khasu pamwamba chabe, osatembenuza dothi, chifukwa mukatembenuza mutulutsa njere zina. Mukabwereza kawiri, mwachepetsa kwambiri ntchito yopalira ya miyezi ikubwerayo.

Dawe yekha ndi wosiyana. Ali ndi timbatata pansi, tolumikizana ndi timizu, ndipo mukadula masamba okha amaphuka ochuluka kuposa kale. Mukumbeni ndi foloko dothi lili lofewa, mutole timbatata tonse, mukataye kutali, osati pa mulu wa kompositi. Nansongole nayenso muchite naye chimodzimodzi. Amene mukufuna kupopera mankhwala a glyphosate, nthawi yake ndi imeneyi, kapinga asanadzalidwe, chifukwa amapha chilichonse chobiriwira. Tsatirani zolembedwa pabotolo, valani magolovesi, poperani kopanda mphepo, ndipo mudikire milungu iwiri musanadzale.

Tsiku lodzala litayandikira, wazani feteleza wokulitsa yemwe timathira ku chimanga uja, 23:21:0+4S kapena 23:10:5+6S+1Zn, makilogalamu awiri kapena atatu pa masikweya mita 100, n'kumulowetsa m'dothi ndi reki. Fosifolasi amene ali m'menemo sayenda m'nthaka, ndiye ayenera kukhala pomwe mizu idzamupeze.

Chachinayi: pezani mbewu

Mbewu yabwino ndi imene mwaiona ikukula. Ngati aneba ali ndi kapinga wokusangalatsani, apempheni zodulira za m'mphepete akamakonza malire, nthawi zambiri amangozitaya. Ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu ya mu mzinda amagulitsanso m'matumba. Musangolipira thumba lomanga. Khuthulani pang'ono muone ngati nthambi zili zaziwisi, zili ndi mizu, ndiponso ngati mulibe timbatata ta dawe. Thumba lotentha m'kati, lonunkha chuku, lakhalitsa.

Kapinga alipo wa masamba ang'onoang'ono osalala, alipo wa masamba okhakhala. Sankhani mmodzi. Mukasakaniza, bwalo limaoneka la zigambazigamba ndipo wokhakhalayo amadzagonjetsa mnzake. Mbewu ikafika iikeni pamthunzi, muiwaze madzi, ndipo muidzale tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Chachisanu: dzalani

Nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumapeto kwa Januwale, mvula itakhazikika, chimanga cha m'minda chitamera. Nthaka imakhala yofunda, madzi ndi aulere, ndipo kapinga amakhala ndi miyezi itatu yozika mizu chisanu chisanafike.

Kokani chingwe, mulembe tingalande tozama masentimita 5, totalikirana masentimita 15 mpaka 20. Pamalo otsetsereka tingalandeto tipingase, tisatsate komwe madzi amalowera. Dulani nthambi kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Zigonekeni m'ngalandemo mondondozana, mukwirire mbali yaikulu, nsonga ndi timasamba zitsale kunja. Ndiyeno pondani ndi phazi mzere wonse. Kuponda kumeneku musakudumphe, chifukwa mfundo yomwe sinakhudze dothi situlutsa mizu, imangouma.

Thirirani pomwepo ngakhale kumwamba kuli mitambo. Milungu iwiri yoyamba dothi lisaume, ndiye kukachita ng'amba ya mu Januwale thirirani pang'ono m'mawa uliwonse. Iyi ndi nthawi yokhayo imene kuthirira tsiku ndi tsiku kuli koyenera. Nkhuku zitsekereni, zimafukula mizere yonse m'mawa umodzi. Galu ndi ana nawonso adikire.

Zulani udzu wachilendo ndi manja mlungu uliwonse. Pakatha milungu 6 mpaka 10 mizere imakhala itakumana, dothi losaonekanso.

Musaiwale malire. Kapinga sadziwa kuti apa ndi pa maluwa a mayi kapena pa bedi la mpiru, amangolowa, ndipo amadzera pansi. Zikani njerwa choimika kapena kakhoma ka konkire kozama masentimita 20, ndipo kamodzi pamwezi muzidula m'mphepete ndi fosholo yakuthwa.

Chachisanu ndi chimodzi: kutchetcha

Tchetchani koyamba akafika masentimita 6 kapena 7, mungodula nsonga. Kuchokera apo muzimusunga pa masentimita 3 mpaka 4. LM ndi buffalo muziwasiya ataliko, 5 mpaka 7, popeza a pamthunzi amafuna masamba ambiri kuti akole kuwala kochepako.

Lamulo lake ndi limodzi: musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake pa ulendo umodzi. M'dzinja zimenezi zikutanthauza kutchetcha mlungu uliwonse. Kudula nsonga pafupipafupi kumachititsa kuti kapinga ayange cham'mbali n'kuthithikana, mpaka udzu wachilendo kusowa polowera. Mukamusiya mwezi wathunthu n'kudzamumeta kamodzi, mumachotsa masamba onse, n'kutsala timapesi tofiirira, dzuwa n'kumawomba dothi, chisoso n'kupeza mpata.

Ambirife tilibe makina, timagwiritsa ntchito chikwakwa. Chimagwira ntchito ndithu, koma chiyenera kukhala chakuthwa, ndipo dzanja lizolowere kudutsa pamwamba osakhudza dothi. Amene amakuthandizani ntchito za panja nthawi zambiri amameta mpaka pansi pofuna kuti muone kuti agwira ntchito, kapenanso kuti udzu uchedwe kukula. Auzeni mwaulemu koma momveka: "Achimwene, musafikitse kudothi, musiye wotalika zala ziwiri, bola mubwerezenso Loweruka." Ngati muli ndi makina, tolani miyala kaye, magalasi a mawindo ndi a galimoto ndi odula. Musatchetche udzu uli wonyowa.

Timasamba tating'ono todulidwa tisiyeni pomwepo, timawola n'kubwezera chakudya m'nthaka. Milu ikuluikulu yokha ndi imene muyenera kutola n'kukaika ku kompositi. Chizolowezi chathu chosesa pabwalo m'mawa uliwonse ndi tsache lolimba chisafike pa kapinga, chimakokolola dothi la pamwamba n'kusiya mizu pamtunda.

Chachisanu ndi chiwiri: chakudya

Kapinga wokhazikika amafuna nayitulojeni katatu pa dzinja: mu Disembala, kumayambiriro kwa Febuluwale, ndi komaliza mu Malichi. Ulendo uliwonse thirani kilogalamu imodzi ya yuriya, kapena makilogalamu awiri a CAN, pa masikweya mita 100. Kusiyanaku n'chifukwa chakuti yuriya ali ndi nayitulojeni 46 peresenti pamene CAN ali ndi pafupifupi 27. Gawani feteleza pawiri, theka muwaze mukuyenda m'litali, theka linalo m'lifupi, kuti pasakhale mizere yobiriwira ndi ina yotuwa. Wazani masamba ali ouma koma dothi lili ndi chinyontho, kenako thirirani kuti asungunuke. Yuriya wosiyidwa pamwamba dzuwa likuswa mtengo amawotcha masamba, ndipo mphamvu yake ina imathawira mumpweya.

Mu Juni ndi Julayi musathire. Udzu wogona sudya, mungodyetsa udzu wachilendo.

Kuno ku Lilongwe tili ndi mwayi wina, zinyenyeswa za mitsitsi ya fodya zochokera ku mafakitale a ku Kanengo, zomwe anthu amagulitsa pamalole ndi m'matumba. Zimathandiza ndithu. Ziwazeni mopyapyala kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, nsonga za udzu zizionekabe, ndipo muthirire kwambiri. Mukaunjika zimatentha n'kupha udzu. Fungo lake limavuta masiku oyamba, ndiye aneba muwachenjeze, ana ndi agalu asaseweremo, ndipo zisafike pa tomato chifukwa fodya ndi tomato amapatsirana matenda.

Chachisanu ndi chitatu: madzi

Kuti kapinga akhale wobiriwira m'miyezi yotentha, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, amafuna madzi okwana mamilimita 25 pa mlungu. Pa masikweya mita 100 amenewo ndi malita 2,500, kapena kuti zigubu 125 za malita 20, mlungu uliwonse. Pamwezi ndi malita 10,000. Werengerani ndi bilu yanu ya Lilongwe Water Board musanaganize zobiriwitsa poloti yonse. Amene muli ndi chitsime kapena mjigo mukumbukirenso kuti Okutobala ndi mwezi womwe madzi amatsika.

Palibe cholakwika kumusiya agone. Kapinga wozika mizu bwino amatha chilimwe chonse ali wotuwa, n'kudzabiriwira patangopita masiku ochepa mvula yoyamba itagwa. Ine ndimaona kuti nzeru ndi kuthirira kachigawo ka kutsogolo kokha, kwinako n'kusiyira mvula. Choipa ndi kuchita zapakatikati, kumuwaza timadzi madzulo alionse. Madzi otero amangonyowetsa pamwamba, mizu n'kusiya kulowa pansi, ndipo tsiku lomwe mpopi wauma udzu umapsa.

Ngati mwasankha kuthirira, thirirani mokhutitsa kamodzi kapena kawiri pa mlungu, m'mamawa mphepo isanayambe. Kuti mudziwe mlingo, ikani zitini zitatu zopanda kanthu m'malo osiyanasiyana, mutsegule sipulinkila, muone nthawi imene madzi afike masentimita awiri ndi theka m'zitinimo. Nthawi imeneyo ndiyo ya mlungu wonse. Katondo amamwa pang'onopang'ono, ndiye madzi akayamba kuyenderera tsekani, mudikire theka la ola, n'kutsegulanso. Chizindikiro cha ludzu n'chosavuta: pondani udzuwo, mapazi anu akatsala akuonekabe ndiye kuti nthawi yakwana. Mu Juni ndi Julayi kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu n'kokwanira.

Madzi otsukuluzira zovala ndi osamba mutha kuthirira, bola muzisinthasintha malo. Okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala, mchere kapena mafuta a kukhitchini ayi.

Chomaliza: zovuta ndi kukonzanso

Chiswe ndi chimene chimadandaulitsa ambiri. Chimadya udzu wouma, ndiye chimachuluka pomwe zinyalala za udzu wakufa zaunjikana pansi pa wobiriwirawo. Kumapeto kwa Ogasiti, kukayamba kufunda, metani kapinga chapansi kuposa masiku onse, mupale ndi reki mwamphamvu, muchotse zouma zonse. Bwalo lioneka lonyansa kwa milungu iwiri, musadandaule. Musatenthe ndi moto, mphepo ya mu Ogasiti sikhululuka ndipo mipanda ina ndi yaudzu. Chiswe chikapitirira, tsatani komwe chikuchokera, kawirikawiri ndi chitsa kapena chulu chapafupi, ndipo mankhwala mukagule kwa ogulitsa zipangizo za ulimi ovomerezeka, a m'botolo lolembedwa, osati a m'timapepala ta pamsika.

M'dzinja samalani ndi ntchemberezandonda. Mukaona chigamba chikufiira mofulumira mvula ikugwa bwinobwino, mbalame zikuunjikana pamenepo, sungunulani sopo wotsukira mbale pang'ono mu ndowa ya madzi, muthire pa sikweya mita imodzi. Ngati zilimo zituluka pakangopita mphindi zochepa. Mbozi zoyera zopindika zija zimadya mizu pansi, ndipo mudzazidziwa chifukwa udzu ukaukoka umanyamuka ngati mkeka. Timabala tozungulira, topsa pakati koma tobiriwira kwambiri m'mbali, ndi mkodzo wa galu, pamangofunika kuthirapo madzi ambiri.

Pomwe pamaima galimoto kapena pomwe anthu adula njira yopita ku geti, dothi limagangatika. Bayani ndi foloko mozama masentimita 10, muigwedeze, musunthe phazi limodzi, mubayenso, mpaka malo onsewo atatha. Thiranipo manyowa osefa osakaniza ndi dothi labwino, osapitirira sentimita imodzi kapena awiri, muwalowetse m'mabowomo ndi tsache. Zigwembe zimadzazidwanso chimodzimodzi, pang'onopang'ono, kudikira udzu utulukire musanawonjezere. Pakakhala dazi lalikulu, dulani nthambi za m'mphepete zomwe mukanataya zija, mudzalepo mvula ikayamba. Ngati anthu akudutsabe pomwepo, yalanipo miyala yopondapo motalikirana phazi limodzi, kapinga adzadzaza m'mipatamo.